Mwana Wathu pa Mafoni a Anthu

"Sapita kulikonse mwana ameneyu," anatero Rebeka ataima pakhomo la chipinda cha mwana wake, manja atagwira uku ndi uku. "Chikwamacho kabwezeni komwe mwachitenga."

"Mayi a Chantelle, musandiyese lero," anatero mwamuna wake Fackson, chikwama cha saka chili m'manja. "Akwere basi apite ku Chegutu, akakhale ndi agogo ake ku famu mpaka anthu aiwale."

"Ku famuko kulibe mafoni?"

"Ine ndine mkulu wa mpingo. Mawa ndikaima bwanji kutsogolo ndi Baibulo, anyamata a kwaya akutsinana kumbuyo kwanga? Kuno ku Kuwadzana aliyense wamva. Ngakhale kuntchito ku Lochinvar nkhaniyi indiyambira kufika."

"Chiyambire m'mawa mukungonena za inu nokha. Mwana sanalawe kanthu kuyambira dzulo, mwamufunsako?"

"Ndimufunse chiyani? Ine ndinakana zomugulira foni, inu munakakamira."

"Foni yake yalakwa chiyani? Anadzijambula yekha? Munthu anachita kumubisalira akusamba, m'bafa la nyumba yanu ino, bambo a Chantelle. Amene anachita zimenezi simukumufunafuna, mwapeza wofooka woti mumukweze basi."

Fackson anaponya chikwama pampando, nakhala pansi atagwira mutu.

Nkhaniyo inafika pakhomopo dzulo lake. Chantelle, mwana wawo wa zaka khumi ndi zisanu yemwe anali Fomu 3, anabwerera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. Mu kombi, minibasi yopita kusukulu, anyamata ena ankapatsirana foni, akumuyang'ana n'kumaseka. Atafika pageti la sukulu, mnzake wina anamukokera pambali n'kumuuza kuti pa tsamba lina la pa intaneti, la mafilimu olaula, pali kanema wa iyeyo. Chantelle sanalowenso m'kalasi. Anafika kunyumba wapansi, nadzitsekera kuchipinda, ndipo mawu ochepa amene Rebeka anamva anatulukira pansi pa bulangeti.

Fackson akadali chigwirire mutu choncho, pakhomo lakuseri panamveka kugogoda pang'ono. Anali Clemence, mwana wa Lilly, mlongo wake wa Fackson. Mnyamatayo anali wa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumbayo chifukwa kwa mayi ake ku Mbare, m'mafulati, munali mothinana. Ntchito yake inali yokonza mafoni pa tebulo m'tauni.

"Amalume, azakhali, pepani ndalowerera," anatero atanjuta, manja ali pamodzi. "Zinthu zimenezi ine ndimazidziwa. Pa tsamba lililonse pamakhala batani lodandaulira. Ndadina kale, achotsa. Koma za kupolisi ndinene ndithu, musapiteko. Akalanda mafoni onse a m'nyumba muno, nkhani ikalowa m'nyuzipepala, mwana akachita manyazi koposa apa."

"Mwamva?" anatero Fackson. "Mwana wamng'ono akuganiza kuposa inu."

Rebeka anamuthokoza mnyamatayo. Mumtima mwake munapepukako, poganiza kuti pakhomopo palinso munthu wina amene akuchitapo kanthu.

Lamulungu linadutsa, kanemayo adakalipo. Rebeka sanamuone ndi maso ake, ndipo analumbira kuti sadzamuona, koma anadziwira kwa mayi wa nyumba yoyandikana nawo yemwe anabwera kudzabwereka sefa, n'kukhala nthawi yaitali maso ali pa chitseko cha Chantelle. Lolemba m'mawa Rebeka sanapite ku Mbare Musika komwe ankagulitsa matimati. Anadikira kuti mwamuna wake atuluke, navala chitenje chake chatsopano, n'kukagogoda kuchipinda.

"Dzuka, mwana wanga. Samba m'beseni momwemo ngati kubafa sukufuna. Tikupita."

Kupolisi anawalowetsa m'kaofesi ka milandu ya ana ndi amayi. Wapolisi wamkazi anawamvetsera osawadula, nalemba zonse, kenako anawalozera ku bungwe lina loteteza ana m'tauni. Kumeneko anakumana ndi mayi wina wamagalasi, wa tsitsi lometa, dzina lake Iris. Atamva kalankhulidwe ka Rebeka anasiya Chishona n'kuyamba Chichewa, nati agogo ake anachokera ku Ntcheu.

"Choyamba, Chantelle, mvera izi," anatero Iris. "Iwe sunalakwe kalikonse. Walakwa ndi amene anajambula, amene anaika, ndi aliyense amene akutumizira mnzake."

Chantelle sanadzutse mutu, koma zala zake zinasiya kupotokola lamba wa chikwama.

"Ndifunseko, amayi, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero Rebeka. "Kwathu ku Kuwadzana mwana akatumidwa mowa ku botolo sitolo, wogulitsa amamubweza, amati kaitane wakutumayo. Nanga eni ake a tsambali, palibe woima pakhomo? Munthu angobwera ndi kanema wa mwana wa eni, iwo n'kungolandira?"

"Ena ali naye woima pakhomo. Amafuna chitupa cha woika kanemayo ndi cha aliyense amene akuoneka m'menemo, ndiponso umboni woti anavomera. Amalemba anthu ntchito yoona kanema aliyense asanatuluke. Koma tsamba ili si la otero. Apa munthu amangodina ponena kuti onse ndi akuluakulu, basi, kanema walowa."

"Kungodina?"

"Kungodina, mayi."

"Ndiye akadandaula munthu?"

"Amayankha ndi makina. Onani." Iris anatembenuza kompyuta pang'ono n'kuwerenga yankho limene linali litangofika pa dandaulo limene iye anali atangolembera eni tsambalo, akumasulira. Linati dandaulo alandira, ndipo kuti alithamangire, wodandaulayo atumize chithunzi cha nkhope yake atanyamula chitupa.

Rebeka anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Wakuba uja sanamufunse chitupa. Chitupa akufunsa mwana wanga."

"Sitiwapatsanso nkhope yake," anatero Iris. "Tidzera njira ina. Kuli mabungwe akunja amene ntchito yawo ndi yomweyi. Iwo akalemba kuti uyu ndi mwana, eni tsamba amanjenjemera, chifukwa atha kutsekeredwa. Amatenganso chizindikiro cha kanemayo, ngati mmene apolisi amadindira chala cha munthu, kuti masamba amene amamvera malamulo azimukana akangofika. Koma ndisakunamizeni. Amene anakopera kale pa mafoni awo, sitingawalowere m'matumba."

Madzulo ake Fackson atamva komwe anapita, sanadye. Anangoti, "Mwandidumpha, mayi a Chantelle," n'kutenga Baibulo lake kupita panja.

Sabatayo isanathe Iris anaimba foni Rebeka ali pa musika, kumuuza kuti kanemayo wachotsedwa. Rebeka anakhala pa kreti yopanda kanthu, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje, mpaka kasitomala wina anadzisankhira yekha matimati. Tsiku limenelo anagula nsomba zouma zomwe Chantelle ankazikonda, ndipo mwanayo anadya pang'ono. Fackson anati, "Ndiye zatha. Tsopano tizisiye, kupolisi kuja mukafafanize."

Sizinathe. Sabata yotsatira kanemayo anatulukiranso pa tsamba lina, atamupatsa dzina lina. Iris analemberanso, anachotsanso, kenako anaphukanso kwina. Amayi a pa musika anayamba kutsitsa mawu Rebeka akamadutsa. Mmodzi anamuuza mokoma mtima kuti ana a masiku ano ndi ovuta, asadziimbe mlandu. Rebeka anamuyang'ana mpaka mayiyo anayamba kukonza anyezi amene anali okonzakonza kale.

Masana ena Rebeka anaweruka msanga, napeza Chantelle atakhala pakhonde lakuseri, akuyang'ana khoma la bafa. Kanali koyamba kumuona atatuluka panja payekha.

"Amayi," anatero mwanayo m'Chichewa chake chosakanikira ndi Chishona, "mnzanga uja anandiuza kuti m'kanemamo chitseko chikuoneka chonse, ndi thaulo langa pa msomali. Ndakhala ndikuganiza. Munthu akajambulira pa chitseko, chitsekocho sichingaoneke. Akanajambulira pa windo, mpopi ukanaoneka. Anajambulira uku." Analoza khoma limene linalekanitsa bafa ndi kachipinda ka Clemence.

Rebeka anayang'ana khomalo. "Ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndinkaopa kunena. Ababa amamukonda."

Rebeka anatenga kiyi wapadera pamwamba pa kabati n'kutsegula kachipindako. Munali fungo la mafuta odzola ndi mawaya opsa. Pa khoma la kubafa, pamwamba pa bedi, panali kalendala ya mpingo wawo, ya chaka chatha. Anakwera pabedi ndi nsapato zomwe, naichotsa. Kuseri kwake kunali kabowo kosalala bwino, kochita kuboola ndi chitsulo, kolowa chala chimodzi. Anaika diso. Anaona chitseko cha bafa chonse, ndi msomali wopachikapo thaulo.

Fackson atafika, Rebeka anamuitanira ku kachipindako. Anamugwira dzanja, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri, namukweza pabedi paja. Bamboyo anayang'ana, natsika, nakhala pa bedilo ngati munthu wodwala malungo.

"Ndiitane mlongo wanga," anatero pomaliza. "Nkhani iyi ndi ya pamtundu."

Lilly anafika kuchokera ku Mbare m'mawa mwake, atavala duku lakuda ngati akupita pamaliro. Anakhala pamphasa pabalaza. Clemence anakhala pansi pafupi ndi chitseko, mutu uli pakati pa maondo. Sanakane. Chantelle anali kuchipinda, chitseko chili chotsekula pang'ono.

"Achimwene, mwanayu walakwa, sindikumuikira kumbuyo," anayamba Lilly. "Mumenyeni, mumuthamangitse pakhomo pano, zonse ndivomera. Koma kupolisi ayi. Mlandu umenewu akalowa nawo, adzatuluka ine ndili m'manda. Ndili ndi mwana wina ine? Bambo ake atamwalira munanena nokha pamanda kuti uyu ndi wanu."

"Ndinanena," anatero Fackson motsitsa.

"Komanso tisaiwale, awa ndi asuweni. Kwathu chisuweni chimakhala ndi masewera ake. Wapyola malire, inde, koma ndi chibwana."

"Alamu," anatero Rebeka, "chisuweni chimene ndimachidziwa ine ndi chonyozana mphuno pa ukwati anthu n'kuseka. Chisuweni choboola khoma ndi chitsulo ndachimva lero."

"Inu alamu ndinu obwera m'banja muno, muzilankhula mofatsa."

"Obwera ndine, koma amene ali m'chipindamo ndinamubereka ndine."

Lilly anatembenukira kwa mchimwene wake. "Ndaganiza kale njira. Ku Joni kuli mnzake, akamulandira. Akwere basi lero lomwe, asadzapondenso kuno. Mwana wanu sadzamuonanso. Apolisi akafunsa, simukudziwa amene anachita. Tsiku lina zidzaiwalika."

Fackson anayang'ana mphwakeyo nthawi yaitali. "Iwe, unachitiranji? Unkasowa chiyani pakhomo pano?"

"Amalume, sindinkadziwa kuti zifika kuno," anatero Clemence akulira. "Anzanga anati anthu akaonera ambiri, eni tsamba amakupatsa kenakake. Ndinkati aziona ndi azungu akutali. Dzina lake sindinalembe. Ndinalemba kuti ndi wamkulu, iwo sanafunse china. Nkhaniyi itamveka ndinachotsa msanga, koma anthu anali atakopera kale. Amene akuikanso panopa si ine, ndikulumbira."

"Ndiye tsiku lija unkatigwadira apa, kutiletsa kupita kupolisi," anatero Rebeka.

Clemence anabwezera mutu pakati pa maondo.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Chantelle anatuluka atavala juzi la sukulu, naima pakati pa balaza osagwada, chinthu chimene Lilly anachiona n'kukwinya nkhope.

"Ababa, ndifunseko. Tsiku lija munkafuna kundikweza basi chifukwa ndakuchititsani manyazi. Lero mukufuna kumukweza basi iyeyu kuti asamangidwe. Ine ndikatsala pano ndizikwera kombi yomwe ija, anthu ali ndi mafoni awo. Iye ku Joni palibe amene adzamudziwe nkhope. Ndi mmene mwaweruzira?"

"Chantelle, akuluakulu akamalankhula..." anayamba Lilly.

"Tete," anatero Chantelle, kuwatchula azakhali akewo mwa Chishona, "inu mwanena kuti sindidzamuonanso. Nanga kumene akupitako kulibe mabafa? Kulibe ana?"

Rebeka anayembekezera kuti mwamuna wake anenepo kanthu. Fackson anatsegula pakamwa, natsekanso, maso ali pa simenti. Rebeka anaimirira, namanga chitenje mwamphamvu, nagwira mwana wake dzanja.

"Ife tapita. Amene akufuna kutiletsa aime pageti."

Palibe anaima pageti. Koma pamene ankabwerera ndi apolisi awiri, anapeza Fackson ali yekha pabalaza, kachipinda kakuseri kali pululu. Wapolisi wamkazi uja anamufunsa komwe mnyamatayo wapita. Fackson anati sakudziwa. Rebeka anamuyang'ana mwamuna wake, kenako anauza apolisiwo yekha za mabasi a ku Joni. Anamupeza Clemence madzulo omwewo pamalo okwerera basi, atakhala pa chikwama, mayi ake akumugulira buledi wa paulendo.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja munalowa chete wolemera. Fackson ankapita kuntchito, kubwerako, kudya, kugona. Kumpingo anapempha kuti apume kaye pa udindo. Achibale a ku Mbare anasiya kuyankha moni wa Rebeka pa musika, ndipo wina anamutumizira mawu akuti wapasula mtundu. Iris ankaimba nthawi ndi nthawi. Masamba akuluakulu anali atayamba kumukana okha kanemayo, koma kunali katsamba kena kakang'ono, kosadziwika ngakhale dziko limene kali, komwe sikankayankha n'komwe.

"Ndiye sizidzatha?" anafunsa Chantelle atamva.

Rebeka anafuna kumunamiza, koma analephera. "Sindikudziwa, mwana wanga. Mayi Iris akuti zikuchepa. Akuti sasiya kulemba."

Tsiku la mlandu Fackson anatuluka m'mawa ndi ovolosi yake ngati masiku onse. Rebeka ndi Chantelle anakwera kombi awiriwiri. Ku khoti anapeza Iris akuwadikira m'khonde lalitali lokhala ndi mabenchi mbali zonse ziwiri. Benchi la kumanzere linali lodzaza: Lilly, azibale ake a Fackson, ndi amayi awiri a m'mafulati. Palibe anawapatsa moni. Iwo anakhala pa benchi la kumanja, atatu okha, malo ambiri ali otsala.

Iris anamufotokozera Chantelle kuti salowa m'chipinda chimene muli Clemence. Akakhala m'kachipinda kena ndi mayi wina womuthandiza, ndipo woweruza azimuona ndi kumumva kudzera pa kamera.

Chantelle anauma thupi. "Kamera?"

"Iyi uziiona ndi maso ako, ili poyera," anatero Iris. "Ukafuna kupuma, unena, aima. Palibe chimene chituluke kunja kwa khoti."

Mwanayo anapuma mozama, nagwedeza mutu.

Nthawi yomweyo kumapeto kwa khonde kunatulukira Fackson. Ovolosi ija anali ataivula, atavala jekete lake la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Ankayenda pang'onopang'ono. A kumanzere anayamba kusendera kuti amupatse malo, ndipo Lilly anamenya benchi ndi chikhatho pambali pake.

"Achimwene, malo ndi awa."

Fackson anaima pakati pa mabenchi awiriwo. Rebeka sanamuyang'ane. Anangoona nsapato zake, zopolishidwa mbali imodzi yokha, zitaima pa simenti. Kenako nsapatozo zinatembenukira kumanja, ndipo benchi linalira pamene bamboyo ankakhala pambali pa mwana wake.

"Achimwene!" anatero Lilly. "Mwataya magazi anu chifukwa cha mkazi?"

"Chemwali," anatero Fackson osakweza mawu, "nanga uyu ndi magazi a yani?"

Lilly anafunda nkhope ndi duku n'kuyamba kulira. Fackson anatembenukira kwa Chantelle.

"Apolisi aja ndinawanamiza. Ndikanena m'katimo, akandifunsa. Iwe ukanene zonse, usasiye kanthu poopa ine."

Chitseko chinatseguka, mayi wina wa khoti naitana dzina la Chantelle. Mwanayo anaimirira, nakonza siketi yake. Anayang'ana mayi ake, kenako anavula chikwama paphewa n'kuchiika pamiyendo pa bambo ake.

"Mundigwirire, ababa. Musachoke."

"Ndili pompano," anatero Fackson, nachigwira ndi manja onse awiri.